Phunziro: Mbawa ndi maina ake

Amayi anzathu, phunziro la mwezi uno ndi la mtengo umene tonse kuno kunyanja timaudziwa, ngakhale ena mwa ana athu sanauonepo uli chilili. Tikunena mbawa. Kalipentala akafuna kutamanda chitseko chake amati ndi cha mbawa. Asodzi akuluakulu akamakumbuka mabwato akale otenga anthu ambiri, amatchula mbawa. Matabwa ake ndi ofiirira, osalala, ndipo savuta kupala. Ndi mtengo wa m'nkhalango zonyowa, zija sizimayoyola masamba m'chilimwe, monga tili nazo pamwamba pa mapiri a Chipata ndi Ntchisi. Kumalo otsika ngati kwathu kuno umakonda m'mbali mwa mitsinje, kumene mizu yake imapeza madzi chaka chonse.

Koma lero sitikamba za matabwa. Tikamba za dzina. Mtengo umenewu uli ndi dzina lina lolembedwa m'mabuku a akatswiri a zomera, ndipo dzina limenelo lasinthidwa kawiri ife tili moyo. Mwina mukuti, nanga zimenezo zikutikhudza bwanji ife a pa mtondo ndi pa dambwe la mpunga? Tiyeni tipite limodzi, muona.

Tiyambe ndi funso lakuti, dzina lachiwirilo nlachiyani, poti lathu lilipo kale? Mtengo womwewu anzathu a ku Mozambique amati umbaua. Ababemba a ku Zambia amati mululu. Ku Tanzania amati mkangazi. Kum'mawa kwa Zimbabwe amati muwawa, dzina limene aliyense amene analawako khungwa lake alimva popanda womasulira. Maina onsewa ndi abwino, koma lililonse limathera pa malire a chilankhulo chake. Chingerezi ndiye chimasokoneza kwambiri. Liwu lakuti mahogany amalipereka kwa mbawa, amaliperekanso kwa msikidzi, kwa msambamfumu, ndi kwa mitengo ina ya ku America imene kuno simera yokha. Munthu akalemba kalata yopempha mbande za mahogany, sakudziwa chimene chidzatsike m'galimoto.

Ife amene tinagwirapo ntchito ya unamwino vutoli timalidziwa bwino. Mayi amabwera kunena kuti mwana wamupatsa kale Panado, ndipo kunyumba alinso ndi mapiritsi ena a dzina lina amene akufuna kuwonjezera. Ukayang'ana pa kapaketi, upeza kuti onse awiri ndi paracetamol, ndipo mwanayo akanamwa mankhwala amodzi kawiri. Nchifukwa chake m'chipatala timaphunzitsidwa dzina limodzi la mankhwala, limene namwino wa ku Nkhotakota ndi wa ku London onse amalimva chimodzimodzi. Akatswiri a zomera anachitanso zomwezo.

Amene anakhazikitsa dongosololi ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, amenenso anali dokotala. M'buku lake lotchedwa Species Plantarum, la m'chaka cha 1753, chomera chilichonse anachipatsa maina awiri a Chilatini. Loyamba lili ngati mfunda, lachiwiri ndi la mtundu weniweniwo. Zili ngati tikanamati Phiri wakutiwakuti, Banda wakutiwakuti, mfunda patsogolo, dzina pambuyo. Mifunda ingapo yoyandikana imapanga banja limodzi. Ndipo monga mwana salowa m'kaundula wa ubatizo popanda tsiku, makolo ndi mboni, dzina la chomera silivomerezedwa lisanasindikizidwe pamodzi ndi kufotokoza maonekedwe ake. Pamafunikanso nthambi youmitsa, yokhala ndi masamba ndi maluwa kapena zipatso, yomatidwa pa pepala ndi kusungidwa, kuti wina akadzakayika adzapite akaione. Nyumba yosungira mapepala otere m'dziko muno ili ku Zomba, ku National Herbarium, ndipo ina yaikulu kwambiri ili ku Kew, mu mzinda wa London.

Maina ena a mitengo yathu ali ndi mbiri imene inadutsa pa gombe lathu lomwe lino. Pamene David Livingstone anayenda pa nyanja ino mu 1861, m'bwatomo munali dokotala wina, John Kirk, amene ankatola zomera paliponse pamene aima. Msuku, umene masuku ake timagula m'mabeseni mvula ikamayamba, m'mabuku ndi Uapaca kirkiana, kukumbukira iyeyo. Mkungudza wa ku Mulanje ndi Widdringtonia whytei, dzina la Alexander Whyte amene anayambitsa munda wa zomera ku Zomba. Tikawerenga maina amenewa timadzifunsa kuti, nanga amene ankawalozera mitengoyo, kuwauza ntchito yake ndi kusenza mitolo ya mapepalawo, maina awo ali kuti? M'maina a mitengo mulibemo. Komabe pali pena pamene liwu lathu linalowa. Kombe, chomera choyanga chimene alenje a ku Chigwa cha Shire ankapaka ululu wake ku mivi, chimatchedwa Strophanthus kombe mpaka lero, ndipo kwa zaka zambiri madokotala a ku Ulaya ankapanga nacho mankhwala a mtima.

Banja la mbawa

Mfunda wa mbawa ndi Khaya. Dzinali linalembedwa mu 1830 ndi katswiri wa ku France, Adrien de Jussieu, ndipo silinachokere ku Chilatini ayi. Analitenga ku dzina limene anthu a ku Senegal amatchulira mtengo wa mfunda womwewu umene umamera kwawoko. Choncho dzina la m'mabukulo linayambira m'kamwa mwa anthu akuda anzathu.

Banja lake ndi Meliaceae, ndipo abale ake ambiri tili nawo pakhomo. Msikidzi ndi wa m'banjali. Nimu, umene unachokera ku India, ndi wa m'banjali. Indiya uja amabzala m'mipanda ndi wa m'banjali. Sindirela nayenso. Nkhani ya sindirela ndi yoseketsa pang'ono. Pamene azungu a za nkhalango ankaubweretsa kuchokera ku Asia, dzina lake la m'mabuku linali Cedrela toona. Makolo athu anamva Cedrela, nalikonza kuti likwane pa lilime. Pambuyo pake akatswiri anausamutsira ku mfunda wina, tsopano ndi Toona ciliata, koma ife tinatsala nalo dzina lakalelo. Ndiye kuti agogo amene amati sadziwa Chilatini akhala akuchilankhula zaka zonsezi.

Msambamfumu, ngakhale Angerezi amautcha mahogany, suli m'banja limeneli. Dzina lake ndi Afzelia quanzensis, ndipo ndi mbale wa nyemba, nandolo ndi mlombwa. Mukaona chipatso chake, chikhokhombe cholimba chokhala ndi njere zakuda zovala kachipewa kofiira, muvomereza kuti ndi nyemba yaikulu chabe. Apa ndi pamene pali phunziro la momwe akatswiri amagawira mabanja. Sayang'ana mtundu wa thabwa, kapena kutalika kwa mtengo, kapena ntchito imene anthu amaugwiritsa. Amayang'ana maluwa ndi zipatso, chifukwa ndi mmene chibale chimaonekera.

Tiyeni tsono tiuyang'anitsitse mbawa. Tsamba lake ndi phesi limodzi lokhala ndi timasamba tiwiritiwiri moyang'anana, ndipo kunsonga kumathera awiri, kulibe kamodzi kotsalira. Msikidzi umasiyana pomwepo, chifukwa kunsonga kwake kumakhala katsamba kamodzi kokha. Masamba a mbawa akamaphuka amakhala ofiira. Maluwa ake ndi ang'onoang'ono, oyera, onunkhira. Chipatso ndi chozungulira, cholimba ngati mtengo, ndipo chikakhwima chimang'ambika panayi kapena pasanu, nkutulutsa njere zafulati, zopepuka, zokhala ndi kaphiko kozungulira m'mbali kuti mphepo izitenge. Khungwa la mtengo waukulu ndi lotuwa, limasupuka timagawo tozungulira, ndipo ukalitema mkati mwake ndi mofiira. Ukakula pabwino umatalika modabwitsa. M'nkhalango ya Chirinda ku Zimbabwe muli mbawa yotchuka imene inayezedwa kupitirira mamita 60.

Kudziwa banja kumatithandizanso pa nkhani ya mankhwala, ndipo apa tilankhula ngati anamwino. Mitengo yambiri ya m'banja la mbawa ndi yowawa. Anthu kuyambira kale amaphika makungwa a mbawa pofuna kuchiza chimfine ndi kutentha thupi, ndipo ena amaganiza kuti poti akuwawa ngati kwinini, ndiye kuti ndi kwinini. Si choncho. Kwinini amachokera ku mtengo wa ku South America wotchedwa Cinchona, umene uli m'banja limodzi ndi khofi, kutali ndi mbawa. Kuwawa kwa mbawa kumachokera ku zinthu zina. Mwana akatentha thupi kuno kwathu, kumene udzudzu sutha, apite akayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo akapezeka ndi malungo amwe LA monga alembera a chipatala, mpaka amalize. Malungo a mwana wamng'ono satipatsa masiku oyeserera makungwa.

Choopsa china ndi kusokoneza nimu ndi indiya. Ndi apachibale, masamba awo amafananako, ndipo pali anthu amene amatchula yonse iwiri ndi dzina limodzi. M'mabuku ndi yosiyana ngakhale mfunda: nimu ndi Azadirachta indica, indiya ndi Melia azedarach. Nimu ali ndi maluwa oyera, ndipo tsamba lake ndi phesi limodzi la timasamba. Indiya ali ndi maluwa ofiirira motuwa, tsamba lake limagawikanso kawiri ngati nthambi, ndipo zipatso zake zachikasu zimalendewera mu mtengo nthawi yaitali masamba atayoyoka. Zipatso zimenezo zili ndi poizoni, zimatha kupha mwana kapena nkhumba. Wina akakuuzani kuti "tengani za mtengo uja", funsani kuti uti, ndipo akakulozereni. Ngakhale nimu weniweniyo, mafuta a njere zake asamwetsedwe khanda.

Dzina limene linapita nkubweranso

Tsopano tifike pa dzina lachiwiri la mbawa, limene lavutitsa akatswiri. M'zaka za m'ma 1850, katswiri wa ku Austria, Friedrich Welwitsch, ankatola zomera ku Angola. Kumeneko anapeza mtengo waukulu wa m'nkhalango naupatsa dzina, ndipo mu 1878 katswiri wina, Casimir de Candolle, anauika mu mfunda wa Khaya, nukhala Khaya anthotheca. Umenewo unali mtengo wa kumadzulo kwa Africa.

Mu 1911 akatswiri a ku London, Otto Stapf ndi Edmund Baker, anaona kuti mbawa ya kuno kum'mawa ndi mtundu pawokha, ndipo inalembedwa kuti Khaya nyasica. Liwu lachiwirilo mwalimva: ndi Nyasa, dzina la nyanja imene tikuchapira ndi kumwa. Kwa zaka pafupifupi 80 ndilo linali dzina la mbawa m'mabuku a za nkhalango, ndipo amene anaphunzira ntchitoyi nthawi imeneyo sanalisiye.

Kenaka m'buku lawo la mu 1991, akatswiri awiri a ku Oxford, Brian Styles ndi Frank White, atayerekeza mapepala a zomera ochokera m'maiko ambiri, anati kusiyana kwa mitengo iwiriyi nkochepa, ndi mtundu umodzi. Pali lamulo lakuti maina awiri akapezeka kuti ndi a chomera chimodzi, lakale ndilo limakhala. La ku Angola linali lakale, choncho nyasica linaikidwa pambali. Nchifukwa chake mabuku a sukulu, timapepala ta alangizi ndi zikwangwani zambiri za pa mitengo zimati Khaya anthotheca.

Akatswiri amenewo sanali osasamala. Anagwira ntchito ndi zimene anali nazo, ndiye masamba ouma, maluwa ndi zipatso. Koma masiku ano kuli njira yoyeza DNA, yomwe ija amayezera pofuna kudziwa bambo wake wa mwana, ndipo imagwiranso ntchito pa zomera. Mu 2022 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Gaël Bouka wa ku Congo-Brazzaville linasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya Taxon. Atayeza DNA ndi kuonanso bwino maonekedwe a mitengoyi, anapeza kuti chimene chinkatchedwa Khaya anthotheca si mtundu umodzi koma mitundu 6. Umodzi mwa imeneyo ndi wathuwu, ndipo unabwezeredwa dzina lake la Khaya nyasica. Kaundula wa zomera wa ku Kew tsopano akulemba choncho. Zotere zinachitikiranso mkungudza wa ku Mulanje, umene kwa kanthawi unaphatikizidwa ndi mbale wake wamfupi, kenaka nkudzavomerezedwanso kuti ndi mtundu pawokha.

Wina anganene kuti amenewa ndi masewera a anthu ophunzira, mtengo uli chomwecho kaya autche chiyani. Zoona, mtengowo sunasinthe. Chimene chasintha ndi kukula kwa udindo wathu. Pamene mbawa inkawerengedwa mtundu umodzi kuyambira kumadzulo kwa Africa, kudutsa nkhalango zazikulu za ku Congo, mpaka kuno, munthu akanatha kunena kuti ikatha ku Malawi ilipo yambiri kwina. Tsopano tikudziwa kuti ya ku nkhalango zakutalizo ndi abale ake chabe. Mbawa yathu kwawo ndi chigawo chino cha Africa, maiko monga Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi Tanzania, ndipo m'maiko amenewa simera paliponse. Imapezeka m'timizere ta m'mbali mwa mitsinje ndi m'tinkhalango tonyowa, malo omwewo amene timafuna kulimamo madimba ndi amene ocheka matabwa amafikako msanga. Mudzi umene uli ndi mbawa zikuluzikulu zisanu m'mbali mwa mtsinje ukusunga chinthu chosowa kuposa mmene unkaganizira.

Dzina lilinso ndi ntchito m'malamulo. M'dziko muno mbawa ili m'gulu la mitengo yotetezedwa, pamodzi ndi mlombwa ndi msambamfumu, ndipo siyenera kudulidwa popanda chilolezo cha a za nkhalango. Kunja nakonso, pa msonkhano wa pangano la CITES umene unachitikira ku Panama mu November 2022, maiko anagwirizana kuti matabwa a mitengo ya ku Africa ya mifunda ya Khaya, Afzelia ndi Pterocarpus asatuluke m'dziko popanda chikalata chosonyeza kuti kudulako sikukuthetsa mtunduwo. Taonani nzeru yake: analemba mfunda wonse. Wamalonda sangazembe ponena kuti matabwa ake ndi a nyasica osati anthotheca, pakuti onse ndi a Khaya. Akanalemba kuti mahogany, mlandu uliwonse ukanathera pa kukangana za tanthauzo la liwulo.

Nanga ife m'magulu mwathu tichitepo chiyani? Magulu ambiri amabzala mitengo nyengo ya dzinja, pa tchalitchi, pa sukulu, pa chitsime. Kawirikawiri timangolandira chimene chabwera, ndipo chimabwera ndi bulugamu, kesha kapena sindirela, poti zimakula msanga. Sitikunyoza mitengo imeneyi, nkhuni ndi milimo timazifuna. Koma bulugamu m'mbali mwa mtsinje si malo ake, pamene mbawa ndi kwawo. Polemba kalata yopempha mbande kwa alangizi a za nkhalango kapena ku bungwe lililonse, lembani kuti mbawa, muonjezere Khaya nyasica, ndipo munene kuti ena amailemba Khaya anthotheca, kuti wolandira kalatayo asasokonezeke ngati buku lake ndi lakale. Mbande zikafika, werengani timasamba ta pa mbande zokulirapo, muone ngati kunsonga kukuthera awiri. Funsaninso kumene njere zinatoledwa. Bungwe lofufuza za nkhalango la FRIM ku Zomba limasunga ndi kugulitsa njere za mitengo, koma njere za mbawa ya m'dera lathu lomwe lino, yozolowera kutentha kwa kunyanja, nzabwino koposa.

Kutola tokha sikovuta. Njere za mbawa sizikhalitsa, zikagona miyezi ingapo zambiri sizimera, ndipo zikakhala pansi tizilombo timaziboola msanga. Choncho pafunika kuyang'anira mtengo, zipatso zikangoyamba kung'ambika nkutola zatsopano, kutaya zobooka, ndi kufesa posachedwa m'machubu kapena pa nazale ya mthunzi. Sizifuna kuviikidwa m'madzi otentha ngati njere zina zolimba. Musatole pa mtengo umodzi wokha. Tolani pa mitengo ingapo yotalikirana, chifukwa mbande zonse zikakhala za mayi mmodzi, mitengo yake idzakwatirana pachibale ndipo mbewu imafooka. Mbawa yaing'ono ili ndi mdani wake, kambozi kamene kamaboola nsonga, mtengo nkuchita mphanda m'malo mowongoka. Vutoli limachepa mukaibzala mosakaniza ndi mitengo ina, pamthunzi pang'ono, osati yokhayokha pamtetete. Mbuzi nazo musaziiwale.

Tinene poyera kuti ife a zaka za m'ma 60 sitidzacheka thabwa la mbawa imene tibzale chaka chino. Imafuna zaka makumi angapo kuti ifike pochekedwa. Mthunzi wokha tingaulawe, ndi kuona gombe la mtsinje litasiya kugumuka.

Pa msonkhano wotsatira, gulu lililonse libwere ndi tsamba lathunthu la mbawa, la msikidzi, la nimu ndi la indiya, ngati mitengoyi ilipo kwanuko. Muwayale pa mphasa, amayi aziwasiyanitsa mmodzimmodzi, makamaka amayi achitsikana amene ali ndi ana aang'ono. Mupemphe amayi achikulire atchule maina onse amene akuwadziwa a mtengo uliwonse, a Chichewa, a Chitonga, a Chiyao, ndipo mlembi awalembe m'buku la gulu pamodzi ndi dzina la Chilatini pambali pake. Alembenso malo amene mbawa zikuluzikulu zatsala m'dera lanu, zingati, ndi mfumu ya malowo, kuti nyengo yotola njere ikafika mudziwe kopita ndi woyamba kumupempha.